System Restore pa kompyuta zakale

System Restore ndi chida cha mu Windows chobwezeretsa kompyuta mmene inalili tsiku lina isanayambe kuvuta. Microsoft inachiyambitsa mu Windows Me mu 2000. Chimabweza mapulogalamu ndi madiraiva, koma zithunzi, makalata ndi nyimbo sichizikhudza ndipo sichingazibweze zikafufutika.

M'nyumba ndi m'mashopu olembera makalata ku Chiradzulu muli kompyuta za kaunjika zogula ku Limbe, zina zikadali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Januwale 2020. Pa makina otere chidachi chimakanika kawirikawiri. Nthawi zina antivirus ndiyo imatsekereza, n'kutuluka nambala ya 0x80070005. Zikatero, zimitsani kompyuta, poyatsanso muzidina F8, sankhani Safe Mode, kenaka lembani rstrui.exe. Disiki ikadzaza, Windows imafufuta yokha masiku akale obwererapo, ndipo mndandanda wa masikuwo umapezeka wopanda kanthu.

Choopsa kwambiri ndi magetsi. Akazima ntchitoyi ili mkati, Windows ikhoza kukana kuyakanso. Musayambe batire ya laputopu ili yochepa, ndipo pa kompyuta ya patebulo dikirani nthawi imene magetsi akhazikika. Ngati anazimapo kale, yesani chkdsk ndi sfc /scannow musanabwerezenso.

Onaninso deti. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka mkati mwa kompyuta kakatha, wotchi ya kompyutayo imabwerera kumbuyo ndipo masiku obwererapo amasokonekera. Disiki ikamalira kuti tiki tiki, koperani mafayilo anu pa flash tsiku lomwelo, chifukwa System Restore siikonza disiki yakufa.