Yehova, Yahve, Chauta: Dzina Limodzi m'Mabuku Atatu

M'mipingo ya ku Mitundu ndi ku Nathenje mumawerengedwa Mabaibulo osiyana mawu, kotero ena amakayika ngati onsewo ali odalirika. Mbiri ya dzina la Mulungu ingatithandize pa nkhaniyi.

M'Chihebri dzinali limalembedwa ndi makonsonanti anayi okha, YHWH. Buku Lopatulika la 1922, lomwe kumasulira kwake anatsogolera ndi W. H. Murray wa Mishoni ya Dutch Reformed, linalemba Yehova. Malembo Oyera a Akatolika, a 1966, anasankha Yahve poyesa kuyandikira katchulidwe ka Ahebri. Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi Aprotesitanti anamasulira pamodzi, linatenga Chauta, dzina limene makolo athu ankatchula popempha mvula.

Kalembedwe nakonso kanasintha. Buku Lopatulika linkalemba "c" pamene malamulo a Bungwe la Chichewa a 1973 anakhazikitsa "ch".

Choncho kusiyanaku sikusonyeza chinyengo ayi. Womasulira wina amasunga kamvekedwe ka liwu la Chihebri, wina amafunafuna liwu lomwe Mchewa akulidziwa kale. Mphunzitsi ndi mkonzi ayambe afufuza cholinga cha omasulira asanaweruze buku.