Chilankhulo ndi Malipiro: Zimene Mbiri ya Linthipe Ikutiphunzitsa

Mtsinje wa Linthipe umachokera kumapiri a Dedza n'kukathira m'nyanja m'boma la Salima. Mbiri ya anthu okhala m'mbali mwake ikuonetsa kuti chilankhulo chodyetsa munthu chimakhala cha mwini ndalama, ndipo eni ndalamawo akhala akusintha.

Ulamuliro wa Britain usanakhazikike mu 1891, malonda a kunyanja ankayenda m'Chiswahili. Jumbe ku Nkhotakota ndi Makanjila kummawa kwa nyanja ankasunga alembi olemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu, ndipo alembiwo anali anthu olemekezeka pabwalo la mfumu. Malondawo anali a minyanga ndi nsalu, komanso a akapolo, amene anasautsa midzi yambiri ya kumtunda.

Atsamunda atafika, msonkho wa nyumba unakakamiza aliyense kusaka ndalama. Wodziwa Chingerezi ankalembedwa ukalaliki kapena kumasulira pamilandu, pamene wosadziwa ankasenza mtengatenga kapena kulima m'minda ya azungu. Koma Chingerezicho chinkapezeka m'sukulu za mishoni zokha, ndipo mishonizo zinali zosiyana. Ku Livingstonia, sukulu ya Overtoun yotsegulidwa mu 1894 inkachiphunzitsa mozama. Kumeneko n'kumene kunaphunzira Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. Mishoni ya Dutch ku Nkhoma, kufupi ndi Linthipe, yokhazikitsidwa mu 1896, inkalimbikira Chinyanja, ulimi ndi ntchito zamanja. Motero mwana wa ku Linthipe ankadziwa kuwerenga, koma mpando wa muofesi unkapita kwa mnzake wakumpoto.

Makolo athu, kuyambira kwa Tambala ku Dedza mpaka kunyanja, zinawavuta koposa. Poopa kuti ana awo asiyitsidwa chipembedzo, ambiri sanawatumize kusukulu za mishoni. Manthawo anali ndi chifukwa chake, komabe zotsatira zake zinagwera ana ndi zidzukulu: ambiri anathera pa utelala, usodzi, ukhukhi ndi usilikali. Ngakhale kumigodi ya Wenela, Fanakalo inkangokwanira kumvera malamulo pansi pa mgodi, pamene wodziwa kulemba Chingerezi ankakhala mabalane, wogwira ntchito ya pamwamba yopepukirapo.

Ufulu sunasinthe zimenezi. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, koma Chingerezi chinatsala cha boma. Lero wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ndipo Malamulo a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchilankhula ndi kuchiwerenga.

Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo mwana angathe kuphunzira kusukulu mmawa, masana n'kupita kumadrasa. Mwana wathu akajomba lero kuti akakoke khoka, tisanamizire mbiri: chimene chinatsekereza makolo athu chinachoka kale.