Kuchokera pa mvukuto kufika ku TEVETA: ulendo wa ntchito zamanja m'Malawi

Njerwa za tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre sizofanana. Zina n'zokhota, zina n'zosongoka, zina zili ndi mizere. Zilipo za mitundu yoposa 80, ndipo mtundu uliwonse anauumbira m'chikombole chakechake chathabwa. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene ankatsogolera, sanapiteko kusukulu ya zomangamanga, ndipo amuna akuno amene ankaponda dothi, kuumba, kuwotcha ndi kuyala njerwazo anaphunzira ali pantchito pomwepo. Patha zaka zoposa 130 makoma ali chiimire. Dzina lomwe timamva ndi la Scott, la amisiriwo silitchulidwa, ndipo vuto la ntchito zamanja m'dziko muno lagona pamenepa.

Komatu luso silinabwere ndi amishoni. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, akuwombanso nsalu za thonje lolima okha. Sukulu ya kusula inali pachipala. Mnyamata ankayamba n'kututa makala, kenako kupopa mvukuto tsiku lonse maso ali pa chitsulo, kuti adziwe kufiira kwake kukafika poyenera kumenya. Nyundo ankaigwira patapita nthawi, mwini chipala akakhutira.

Chimene amishoni anawonjezera ndi pepala la mgwirizano ndi zaka zowerengeka. Mu 1894 Robert Laws anatsegula Overtoun Institution pa Khondowe, pomwe lero timati Livingstonia. Anyamata ankalonjeza kukhala zaka zingapo pansi pa mmisiri akuphunzira ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa telegalafu. Pofika 1905 paphiri paja pankayaka magetsi opangidwa ndi madzi a Manchewe. Ambiri omaliza maphunziro sanakhalitse kwawo: migodi ndi mizinda ya Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi South Africa inkawafuna, ndipo inkalipira bwino kuposa Nyasaland.

John Chilembwe naye anaona kufunika kwa ntchito zamanja. Mishoni yomwe anayambitsa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900 anaitcha Providence Industrial Mission, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Anthu ake anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu popanda Mzungu wowalamulira. Boma linachigwetsa mu 1915 pambuyo pa kuukira boma komwe Chilembwe anatsogolera.

Nanga ntchito yaulemu chonchi inanyozeka liti? M'nthawi ya atsamunda munthu wakuda wovala taye anali kalaliki, mphunzitsi kapena womasulira kwa bwanamkubwa ndi ku boma. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitabwera kudzaona za maphunziro mu 1924, zinalimbikitsa kuti Aafirika aziphunzira kwambiri ulimi ndi ntchito zamanja. Ophunzira ambiri anamva kuti akuuzidwa kukhala pansi mpaka kalekale, ndipo sitingawadzudzule, chifukwa amene ankanena zimenezi ana awo sankawatumiza kukapala matabwa. Maganizo aja anakhazikika m'mabanja: mwana wanzeru apite kuofesi, amene mayeso amukanika akaphunzire kumanga. Mpaka lero makolo ena amanena za mwana wawo wowotcherera zitsulo ngati akupepesa.

Ufulu utabwera, Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo makoleji a Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia ndiwo ankasula amisiri. Akuluakulu amakumbukira bwino mayeso a Trade Test, kuyambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1, komanso satifiketi ya City and Guilds ya ku London. Nawo a Malawi Young Pioneers, gulu lomwe linayamba mu 1963, ankaphunzitsa ulimi, ukalipentala ndi kumanga m'mabesi awo. Koma gululi linasanduka chida choopsezera anthu, ndipo asilikali atalilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, maphunziro aja anathera limodzi ndi mfuti.

Lamulo la mu 1999 ndilo linakhazikitsa TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, lomwe limayendera ndalama zomwe olemba anthu ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Wophunzira amagawa nthawi yake, ina m'kalasi, ina kukampani. Mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, kuyambira ndi Ngara ku Karonga. Izi n'zoyamikika, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi achinyamata omaliza Fomu 4 chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake sukulu yaikulu ya amisiri ikadali ku Ndirande, ku Mchesi ndi pansi pa mitengo m'misika ya kumidzi. Pitani pagalaja m'mawa. Mupeza mnyamata wovala ovololo yakuda ndi oyilo akutsuka mabawuti m'chigubu chodula pakati chothiramo petulo. A makaniko ali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka, akukuwa kuti awapatsire sipanala ya 13. Mnyamatayo akapereka ya 14 amva mawu, koma mawa lake saphonyanso. Chaka choyamba chimatha akungotumidwa. Chachitatu amasiyiridwa injini yekha. Salandira malipiro enieni kupatula ya nsima ndi ya sopo, ndipo akachoka alibe pepala losonyeza zomwe akudziwa, choncho kampani yofuna satifiketi imamubweza pageti ngakhale atamva vuto la injini ndi khutu lokha.

TEVETA ili ndi njira yoyesa anthu ophunzirira m'magalaja ndi m'mashedi otere kuti apeze satifiketi popanda kubwerera m'kalasi. Njirayi iyenera kufika pa msika uliwonse wa m'boma, ndipo a makaniko, matelala ndi akalipentala amene akhala akuphunzitsa ana a eni kwa zaka zambiri popanda wowalipira ayenera kulembedwa m'kaundula monga aphunzitsi, n'kupatsidwako zida kuchokera pa 1 peresenti ija.