M'mene Amalawi Tinapezera Ufulu Wofunsa Boma Kuti "Chifukwa Chiyani?"

Anzanga ophunzira akale, ambiri a ife tikukumbukira masiku aja amene kalata yochokera ku ofesi ya boma inali mawu otsiriza. Munthu akachotsedwa ntchito kapena mwana akathamangitsidwa pasukulu, ankangonyamula katundu wake n'kubwerera kumudzi. Kufunsa chifukwa kunali kudziitanira tsoka.

Mantha amenewa sanangobwera okha, anali ndi malamulo ake. Lamulo la Forfeiture Act la m'chaka cha 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu yense amene lamuganizira kuti akuwononga chuma kapena bata la dziko, ndipo mwini katunduyo analibe kodandaulira. Lamulo la Preservation of Public Security Act linkalolanso boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera pabwalo lililonse. Nawo a Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo, anaweruzidwa pamodzi ndi mayi Vera Chirwa m'chaka cha 1983 pabwalo lamiyambo, kumene loya sankaloledwa kuimirira munthu.

Zinthu zinatembenuka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itachitika. Malamulo aakulu oyendetsera dziko amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994 anabweretsa magawo awiri ofunika kuwadziwa. Gawo 43 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wakuti akuluakulu a boma amuchitire zinthu motsata lamulo ndiponso mwachilungamo, komanso amupatse zifukwa zolembedwa ngati chiganizo chawo chikukhudza ufulu wake. Gawo 108 likupatsa Bwalo Lalikulu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chiganizo chilichonse cha boma. Kuunika kumeneku maloya amakutcha judicial review. Woweruza sakhala pampando wa nduna kapena mphunzitsi wamkulu ayi. Iye amangofunsa kuti: kodi wolamulayo anali ndi mphamvu yotero, kodi anamva mbali ya wodandaula, ndipo kodi chiganizo chake n'chomveka?

Zipatso zake taziona. Mu Epulo 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha matenda a Covid-19, bungwe la HRDC linakadandaula kuti boma silinakonze m'mene anthu osauka adzapezere chakudya, ndipo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Miyezi iwiri itapita, boma linafuna kutumiza mkulu wa oweruza onse, a Andrew Nyirenda, kutchuthi chodikira kupuma pantchito, koma bwalo linaletsanso.

Nkhani ina ikutikhudza kwambiri ife amene tinakula tikuopa lumo la aphunzitsi. Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkakana kulandira ana a chipembedzo cha Rastafari pokhapokha atameta tsitsi lawo. Makolo ena anakasuma, ndipo mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba wa Bwalo Lalikulu ku Zomba anagamula kuti mchitidwewu ukuphwanya ufulu wa maphunziro ndi wa chipembedzo. Iye analamula Unduna wa Zamaphunziro kuti ulembere sukulu zonse za boma kuti zilandire anawa.

Komabe njira imeneyi ili ndi zovuta zake. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mlandu wotere umawola: wodandaula ayenera kupita kubwalo pasanathe miyezi itatu chiganizocho chiperekedwe, ndipo ayambe wapempha chilolezo cha woweruza. Maloya nawo amafuna ndalama. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa kuti kulinso ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo kwaulere, ndi Legal Aid Bureau, imene imathandiza anthu osowa ndalama yolipira loya.

Ena mwa ife lero ndi aphunzitsi aakulu, ena ndi mabwana m'maunduna ndi m'makhonsolo, kotero cholembera chija chili m'manja mwathu. Tisanasayine kalata yochotsa munthu ntchito kapena mwana pasukulu, tiyambe tamumva, kenako tilembe zifukwa zathu. Ndipo tsiku limene kalata yotere idzafike pakhomo pathu, tisadzangoti ndi mmene boma lafunira. Tidzafunse chifukwa chake, ndipo tidzawerenge masiku.