Malamulo oletsa kuliza injini thiraki itaima

Malamulo oletsa kuliza injini thiraki itaima ndi amene maboma, makhonsolo a mizinda ndi makampani onyamula katundu amaika pofuna kuchepetsa nthawi imene dalaivala angasiye injini ya dizilo ikulira galimoto isakuyenda. Afala kwambiri ku United States, kumene madera ambiri amalola mphindi 3 kapena 5 zokha. Vuto lawo lalikulu n'lakuti thiraki ya maulendo ataliatali ndi chipinda chogonanso cha dalaivala.

Chifukwa chake injini sizimitsidwa

Malamulo a boma la United States amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2004 amalola dalaivala kuyendetsa maola 11, kenako apume maola 10 otsatizana. Maola opumawo amawathera m'kachipinda ka kuseri kwa mpando wake, kaya ali ku Arizona kotentha koopsa kapena ku Minnesota, kumene chisanu chimalimbitsa dizilo mpaka kulephera kudutsa m'mapaipi. Choziziritsira mpweya, chotenthetsera, firiji ndi magetsi zonse zimadalira injini. Akatswiri a ku Argonne National Laboratory anawerengera kuti thiraki yotere imalira chiimire maola pafupifupi 1,800 pachaka. Pa ola imamwa malita pafupifupi 3, kutanthauza malita oposa 5,000 pachaka tayala lisanazungulire.

Mbiri

Mzinda wa New York unaika malire a mphindi 3 m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2009 unawatsitsa kufika mphindi imodzi pafupi ndi sukulu. Boma la chigawo cha New York lili ndi lamulo lakelake la mphindi 5 la magalimoto akuluakulu a dizilo, lomwe limafewa thiraki ikaima nthawi yaitali pamalo ozizira kupitirira madigiri 4 pansi pa ziro.

Amene anagwedeza kwenikweni bizinesi ya mathiraki ndi a bungwe la California Air Resources Board. Mu 2004 anavomereza malire a mphindi 5, omwe anayamba mu 2005, koma poyamba dalaivala wogona m'thiraki ankamusiya. Mwayi umenewo unatha mu Januwale 2008. Kuyambira chaka chimenecho injini yatsopano inayenera kumadzizimitsa yokha pakatha mphindi 5, apo ayi ikhale yotulutsa mpweya woipa wa NOx wosaposa magalamu 30 pa ola ikamalira chiimire. Thiraki ya injini yotere imamatidwa chizindikiro cholembedwa kuti Certified Clean Idle, ndipo imaloledwa kulira usiku wonse bola isaime pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera panyumba za anthu kapena sukulu. Chindapusa chimayambira pa madola 300.

Lamulo limodzi la dziko lonse kulibe. Mu 2006 bungwe loona za chilengedwe la EPA linangotulutsa chitsanzo choti zigawo zitengereko, motero dalaivala wochoka ku Los Angeles kupita ku Boston amadutsa m'malamulo osiyanasiyana. Bungwe la American Transportation Research Institute limasindikiza mndandanda wa malamulowa kuti madalaivala azikhala nawo. Mumzinda wa New York, lamulo la mu 2018 linalimbikitsa anthu wamba kujambula vidiyo ya thiraki yolira chiimire n'kukaneneza. Wonenezayo amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a chindapusa, ndipo ena anaisandutsa ntchito yodyerapo.

Ku Britain nkhaniyi ili m'malamulo a magalimoto a mu 1986 komanso mu ndime 123 ya Highway Code, ndipo khonsolo ingalipiritse mapaundi 20 dalaivala wokana kuzimitsa injini atauzidwa.

Zipangizo ndi malamulo a makampani

Chipangizo chodziwika kwambiri ndi APU, kainjini kakang'ono kapena mabatire omangiriridwa pambali pa thiraki, opereka magetsi ndi mpweya wozizira injini yaikulu itazima. Makampani a Thermo King ndi Carrier amapanga zoterezi, pomwe a Webasto ndi Eberspächer a ku Germany amadziwika ndi zotenthetsera zomwa dizilo wochepa zedi. Poti APU ndi yolemera, lamulo la ku United States la mu 2005 linalola thiraki yokhala nayo kupitirira kulemera kovomerezeka ndi makilogalamu pafupifupi 180, ndipo mu 2012 anawonjezera kufika pafupifupi 250. Kampani ya IdleAire ya ku Knoxville inayesa njira ina, yolowetsa chipaipi chachikasu pawindo la thiraki chobweretsa mpweya ndi magetsi. Inagwa chifukwa cha ngongole mu 2008, n'kutseka mu 2010, kenako eni atsopano anatsegulanso malo ena.

Makampani onyamula katundu nawo amaona pakompyuta ya injini maola amene inalira chiimire. Ena amapereka bonasi kwa wosamala mafuta, ena amatchera injini kuti izizima yokha. Dandaulo la madalaivala n'lomveka: wogula APU ndi mwini thiraki, koma wogona m'thukuta ndi wopatsidwa chindapusa pamsewu kawirikawiri ndi dalaivala.

Kuno kwathu

Madalaivala a ku Malawi ndi Zambia opita ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban amaidziwa bwino nkhaniyi, ngakhale chimene chimawazimitsitsa injini ndi mtengo wa dizilo ndi diso la bwana. Ambiri amapimiridwa mafuta a ulendo, ndipo lita iliyonse yothera pamzere wa pachipata cha Mwanza, Dedza, Songwe kapena Beitbridge amadzaifotokoza pobwera. Tsono ku Tete mu Okutobala munthu amasankha yekha: atsegule mawindo udzudzu umudye, atseke aphike, kapena alize injini. N'chifukwa chake masana mumawapeza atayala mphasa kunsi kwa thelera, mbaula ili pambali. M'mawa injini iyenera kulirabe kwakanthawi kuti mpweya wa mabuleki udzaze, ndipo amakaniko amalangiza kuisiya mphindi zingapo pambuyo pa ulendo wolemetsa kuti turbo izizire. Wa batire yofooka ndiye sazimitsa n'komwe, poopa kuti thiraki ya matani 30 ilibe woikankha. Aminibasi ali ndi chifukwa chawochawo: amaponda moto pasiteji kuti okwera aziyesa ikunyamuka, pomwe mipando theka ilibe anthu.

Phindu la malamulowa pa thanzi mwina lingakhale lalikulu kwa madalaivala eni ake ndi anthu okhala pafupi ndi malo oimikapo mathiraki, poti mu 2012 bungwe la IARC la pansi pa WHO linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu.