Mbiri ya Cisoti ca Okwera Njinga Yamoto

Ana inu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, mukaima m'mbali mwa mseu ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, simungathe nthawi yaitali osaona njinga yamoto, imene ena amati mthuthuthu ndipo ena amangoti honda. Njingazi zimanyamula mayi wopita ku cipatala, mlimi ndi thumba lake la feteleza, mlangizi wa zaulimi, ngakhalenso mphunzitsi wopita ku boma. Lamulo la dziko lathu limati woyendetsa pamodzi ndi wonyamulidwa onse abvale cisoti coteteza mutu, cimene ambiri amati helemeti. Oyang'anira lamuloli ndiwo apolisi a pamseu ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2002.

Komatu si cisoti ciriconse cimene cingapulumutse munthu. M'masitolo muli zisoti zonyezimira zimene sizisiyana ndi cipanda copaka utoto. Kuti mudziwe kusiyanitsa cabwino ndi cacabe, ndi bwino mumve mbiri yake, pakuti mbali iriyonse ya cisoti cabwino inaikidwapo anthu ataphunzira kanthu pa ngozi imene inacitika kale.

Zisoti zoyamba

Njinga yoyamba yoyenda ndi injini ya petulo inapangidwa ku Germany m'caka ca 1885 ndi Gottlieb Daimler ndi mnzake Wilhelm Maybach. Okwera a masiku oyambawo anali kubvala zipewa za nsalu kapena za cikopa, zongoteteza ku mphepo ndi fumbi. Munthu akagwa, mutu wake unali kukumana ndi mseu popanda cochinga.

Ku Brooklands, bwalo la mipikisano ya magalimoto ndi njinga m'dziko la England, kunali dokotala dzina lake Eric Gardner. Iye anatopa ndi kusamala anyamata obvulala m'mutu, motero anapangitsa zisoti za nsalu yokhuthala youmitsidwa ndi utomoni, zosalala kuti mutu uzitsetsereka pa mseu m'malo mokodwa. M'caka ca 1914 anatenga zisoti 94 kunka nazo ku mpikisano wochuka wa pa cisumbu ca Isle of Man, kumene akulu a mpikisano analamula kuti aliyense abvale. Okwera ambiri ananyinyirika. Ndipo kunja kwa mipikisano, anthu wamba anapitiriza kuyenda mitu iri pamtunda kwa zaka zina zambiri.

Imfa ya Lawrence

T. E. Lawrence anali msilikali wa ku Britain amene anachuka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, pothandiza Aluya kumenyana ndi ufumu wa Turkey. Iye anali kukonda kwambiri njinga zaliwiro za mtundu wa Brough Superior. Pa 13 Meyi 1935, ali pafupi ndi kwao ku Clouds Hill m'dera la Dorset, anatulukira mwadzidzidzi anyamata awiri opalasa njinga, amene sanawaone msanga cifukwa ca kutsetsereka kwa mseu. Poyesa kuwapewa, anaponyedwa pansi nagunda mutu. Sanabvale cisoti. Anagona osadziwa kanthu masiku asanu ndi limodzi, namwalira pa 19 Meyi ali ndi zaka 46.

Mmodzi wa madokotala amene anaitanidwa anali Hugh Cairns, mbadwa ya ku Australia, katswiri wa opareshoni ya ubongo. Nzeru zake zonse sizinathe kupulumutsa wodwalayo, ndipo nkhaniyi inamkhala pamtima.

Nkhondo yaciwiri itayamba m'caka ca 1939, Cairns anali kutsogolera cipatala ca asilikali obvulala m'mutu ku Oxford. Masiku amenewo makalata a nkhondo anali kunyamulidwa ndi amithenga a pa njinga zamoto, amene anali kuthamanga usiku mu mdima, popeza nyali zinali zoletsedwa poopa ndeke za adani. Cairns anawerenga za imfa zao, ndipo m'caka ca 1941 analemba m'nyuzi ya madokotala ya British Medical Journal kuti pa miyezi 21 yoyamba ya nkhondo, okwera njinga zamoto 2,279 anafera pa miseu ya m'dzikolo. Anasonyezanso kuti kawirikawiri cimene cinali kupha ndico kubvulala kwa mutu. Mu Novembala caka comweco, akulu a asilikali analamula kuti msilikali aliyense wokwera njinga yamoto abvale cisoti.

Cairns anagwira nchito ndi katswiri wina wa sayansi, A. H. S. Holbourn, amene m'caka ca 1943 anafotokoza kuti ubongo umaonongeka kwambiri pamene mutu wapotoka mwadzidzidzi. Musaiwale mfundo imeneyi, pakuti tikumana nayonso patsogolo.

Cinsinsi ciri m'kati

Tsopano ganizani za mutu wanu. Ubongo ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi ocepa m'kati mwa cigaza. Mutu ukagunda mseu, cigaza cimaima nthawi yomweyo, koma ubongo umapitirira ulendo nukagunda fupa ca m'kati. Ndico cifukwa cake munthu angathe kufa ngakhale kunja kulibe bala. Cotero kulimba kokha sikukwanira. Cisoti ca citsulo cingaletse mwala kuboola mutu, koma sicingaletse ubongo kugwedezeka. Pafunika kanthu kena kamene kangaphwanyike pang'onopang'ono, kuti mutu uime mosadzidzimuka.

Charles Lombard wa pa University of Southern California ku America, amene anali kufufuza za zisoti za oyendetsa ndeke, anapeza yankho lake. M'caka ca 1953 analandira cikalata ca boma comzindikira kuti ndiye mwini wa nzeru yatsopano: cisoti ca cigoba colimba kunja, ndi nyama yokhuthala yophwanyika m'kati. Cigoba cimamwaza mphamvu ya kugunda kuti isagwere pa malo amodzi, ndipo nyama ya m'kati imamwa mphamvuyo. Masiku ano nyamayi imapangidwa ndi polystyrene, cinthu coyera ndi copepuka conga cija amaika m'katoni ya wailesi yatsopano, koma cothinana kuposa pamenepo.

Aphunzitsi angasonyeze zimenezi m'kalasi. Ikani dzira m'citini copanda kanthu, ndi dzira lina m'citini codzaza ndi gaga kapena thonje, mutseke zonse ziwiri, ndipo muzigwetse pansi kucokera pa tebulo. Zitini zonse ndi zolimba mofanana, koma ana adzaona okha dzira limene lapulumuka.

Kampani ya Bell ya ku California inayamba kupanga zisoti za fibreglass m'caka ca 1954, ndipo m'caka ca 1968 inatulutsa cisoti cophimba mutu wonse pamodzi ndi cibwano, cokhala ndi zenera la maso. Ici cinali cofunika, pakuti munthu akagwa cafufumimba, cibwano ndi mano ndizo zimayamba kufika pansi.

Kuyesa zisoti

Panatsala funso limodzi: wogula angadziwe bwanji kuti cisoti ici ndi cabwino, popeza zonse zimaoneka bwino pa maso? M'caka ca 1956, Pete Snell anafa pa mpikisano wa magalimoto ku California. Iye anali atabvala cisoti, koma sicinamteteze. Anzake, pamodzi ndi dokotala George Snively, anakhazikitsa bungwe la Snell Memorial Foundation m'caka ca 1957, kuti liziyesa zisoti ndi kuika cizindikiro pa zokhazo zimene zapambana mayeso.

Maboma nawonso analowererapo. Cigawo ca Victoria ku Australia cinakhazikitsa lamulo lokakamiza kubvala cisoti m'caka ca 1961, ndipo Britain anatsatira m'caka ca 1973. Boma la America linaika muyezo wake, wodziwika ndi zilembo za DOT, m'caka ca 1974. Bungwe la United Nations liri ndi muyezo wake, Regulation 22, umene maiko ambiri amatsata. Poyesa, amaika mutu wa citsulo wokhala ndi makina m'kati mwa cisoti, nacigwetsera pa citsulo cina pa liwiro la makilomita pafupifupi 27 pa ola. Zisoti zina amayamba azitenthetsa, zina amaziziziritsa, zina amazinyowetsa. Amakokanso lamba kuti aone ngati angaduke, ndiponso amayesa ngati cisoti cingabvuke kumutu. Muyezowu wakonzedwa kangapo. Wa nambala 22.05 unagwira nchito zaka zambiri, ndipo watsopano, 22.06, unaonjezera mayeso a kugunda copendeka, kumene kumapotola mutu, monga Holbourn anacenjezera m'caka ca 1943.

Kodi zonsezi zinathandiza? M'caka ca 2008 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti cisoti cimacepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi kubvulala kwa mutu ndi magawo 69 pa 100.

Dziko la Vietnam, kumene anthu oculuka amayenda pa njinga zamoto, likutiphunzitsa mbali yotsala. Mu Disembala 2007 boma linalamula kuti onse abvale zisoti, ndipo pafupifupi aliyense anamvera. Koma amalonda anadzaza misika ndi tizisoti topyapyala tonga makapusi, ndipo pamene akatswiri anatiyesa, tambiri tinalephera. Tinali kupulumutsa munthu kwa wapolisi, osati ku mseu.

Posankha cisoti

Tsono makolo kapena acimwene anu akafuna kugula cisoti, mungawathandize ndi nzeru za m'mbiri imeneyi.

Yambani ndi kupisa dzanja m'kati. Kuseri kwa nsalu muyenera kupeza nyama yoyera ija, yocindikala ngati zala ziwiri, yozungulira mutu wonse. Ngati muli siponji yofewa yokha, cisiyeni. Cisoti ca ku migodi kapena ca omanga nyumba nacoso sicoyenera, pakuti cinapangidwira kuteteza ku mwala wogwa kumwamba, osati kugwa kwa munthu wothamanga.

Kenaka funani cizindikiro. Pa cisoti ca muyezo wa United Nations pamakhala kansalu kosokedwa pa lamba, kokhala ndi cilembo E ndi nambala m'kati mwa mzere wozungulira. Nambalayo imanena dziko limene linabvomereza: E1 ndi Germany, E11 ndi Britain. Pafupi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, ndi cilembo P ngati cochinga cibwano cinayesedwa, kapena J ngati cisoti ciribe cochinga cibwano. Kapepala kongomata kunja aliyense angathe kukasindikiza, cotero musakakhulupirire pakokha.

Cacitatu ndi msinkhu. Zungulizani cingwe pa mutu, pamwamba pang'ono pa nsidze, ndipo muyese cingweco pa rula. Nambala ya masentimita imene mwapeza, monga 57 kapena 58, ndiyo muifune pa cisoti. Cisoti cigwire masaya ndi mutu wonse popanda kupweteka. Mutamanga lamba, wina ayese kucikankha kucokera kumbuyo. Cikabvuka, ndiye kuti ncacikulu. Mwana asabvekedwe cisoti ca atate ake.

Cacinai ndi lamba. Akhale wokhomeredwa zolimba ku cigoba, ndipo amangidwe pansi pa cibwano ulendo uliwonse, kosiya mpata wolowa cala cimodzi kapena ziwiri. Cisoti cosamanga cimauluka munthu asanafike pansi.

Nanga za mtengo? Cisoti ca mtengo wocepa cimene ciri ndi cizindikiro coona cinapambana mayeso omwewo amene cokwera mtengo cinapambana. Ndalama zoonjezera kawirikawiri zimalipirira kupepuka, utoto wokongola ndi dzina la kampani. Sankhani coyera kapena ca mtundu wowala, kuti oyendetsa magalimoto azikuonani msanga, cokhala ndi tiziboo tolowetsa mphepo cifukwa ca kutentha kwa kwathu kuno, ndi galasi loona bwino usiku. Koma cenjerani ndi ca salaula. Nyama ya m'kati ikaphwanyika kamodzi siibwereranso, ndipo kuphwanyikako sikuoneka kunja. Cisoti cimene cinagundapo pa ngozi catha nchito, ndipo opanga ambiri amalangiza kuti cisinthidwe pakapita zaka ngati zisanu.

Kumbukiraninso kuti mayeso aja ndi a liwiro locepa. Cisoti sicipatsa munthu ufulu wothamanga, kapena woyendetsa atamwa mowa.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Lawrence anali katswiri wa njinga, ndipo anagwa pa mseu umene anali kuudziwa bwino, pafupi ndi nyumba yake. Cotero munthu asanene kuti, "Ndingofika pamsika pompa." Mukakwezedwa pa njinga yamoto, pemphani cisoti mwaulemu, ndipo mukaona wa kwanu akunyamuka lamba ali lende, mkumbutseni kuti amange.

Zocita m'kalasi

1. Pezani pa mapu England, Australia, America ndi Vietnam, ndipo munene cimene cinacitika m'dziko lirilonse.
2. Fotokozani nchito ya cigoba, ya nyama ya m'kati ndi ya lamba.
3. Yesanani mitu ndi cingwe, ndipo aliyense alembe msinkhu wake m'masentimita.
4. Pemphani munthu wa njinga yamoto abwere ndi cisoti cake ku sukulu, kuti mufune cizindikiro cake.