Ophika Maswiti a ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone uli kutali ndi nyanja ya mchere, komabe unayamba monga dooko. Akatundu ocokera kumwera anali kuoloka Zambezi pa ngalawa, pamalo ochedwa Old Drift, kumene malungo anatha Azungu ambiri. Ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya utamangidwa m'caka ca 1905, anthu anasamukira kumtunda kumene kuli mzinda lero. Pakati pace anasiyapo bwalo la mitengo, pamene Alozi anali kugulitsa zosema zao. Ndilo Mukuni Park, dzina la mfumu ya Aleya.

Osema a pabwaloli anachuka ndithu. Koma m'mzindamo munalinso mmisiri wina amene alendo sanali kumfunsa: mai wophika maswiti.

Sitima imene inadza ndi alendo inadzanso ndi shuga. Makolo anali kudziwa uci, mizimbe ndi malambe, koma shuga wa m'thumba anali cinthu ca m'sitoro, cocokera kutali ndi codula. Tsono amai anzeru anaona kuti shuga pang'ono akhoza kubala ndarama.

Nchitoyo iri yosabvuta poiona, koma ifuna maso. Mai akazinga mtedza nacotsa makoko. Asungunula shuga m'poto ndi timadzi pang'ono, pa makala osayaka kwambiri, kufikira afiira ngati uci. Adonthetsa dontho m'madzi ozizira. Likauma ndi kuthyoka, wapsa. Akangoceuka kulankhula ndi mnansi, shuga apserera nayamba kuwawa, ndipo ndarama yonse yapita. Pamenepo athira mtedza, akhuthulira m'mbale yodzoza mafuta, nadula msanga zisanalimbe. Alibe sikelo kapena koloko, koma kawirikawiri tizidutswa tace tilingana.

Boma litasamukira ku Lusaka mu 1935, Livingstone anatsala mzinda wa njanje ndi wa alendo. Pambuyo pace minda ya mizimbe inatsegulidwa ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, ndipo cigayo cace cinayamba kugaya mu 1968. Shuga wa m'dziko momwemo anafika pa njanje yomweyo. Munthu akadayesa kuti ophikawo alemera. Koma shuga wocuruka anakhutitsanso makina, amene aumba maswiti zikwi zambiri pamene mai aphika mbale imodzi. Ana anakopeka ndi timapepala tonyezimira tokulungira, ndipo amai ambiri anabweza poto uja ku nchito yophika ndiwo.